A Pangotsala ndi Chipinda cha Ana

Dzina lakuti a Pangotsala sanabadwe nalo ayi, linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akawafunsa za mayeso awo aja, ankayamba akanda kuseri kwa khutu, kenako n'kuyankha kuti, "Pangotsala pang'ono." Chaka chino pangotsala pang'ono, chaka chinacho pangotsala pang'ono, mpaka anthu a mumsewu wawo anangowapatsa dzinalo. Iwo ankavomera ndi nkhope yowala, kuyesa kuti ndi ulemu.

Ntchito yawo inali ya mawaya a makompyuta. Ofesi ikafuna kuti makompyuta ake azilumikizana, iwo ndi amene ankakwera m'siling'i, tochi ili kukamwa, kukoka mawaya abuluu, n'kutsikamo ali mbuu ngati agwera m'thumba la simenti. Tisawanamizire, ntchito imeneyo ankaidziwa. Pamene adutsa iwo sipankafunika kubwereza. Mayeso ang'onoang'ono a ntchitoyo anakhoza kalekale akadali mnyamata, ndipo masatifiketi ake anawapachika pabalaza, pamwamba pa chithunzi chaukwati.

Chimene chinawalowa m'mutu ndi mayeso aakulu a netiweki, amene iwo ankati ndiwo denga la ntchitoyo. Ankati munthu amakhala pakompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo pa anthu khumi olemba, okhoza akachuluka ndi awiri. Ankazinena monyadira, ngati kulephera kwa anthu enawo ndi mendulo yawo. Mlendo akabwera pakhomo, asanamwe n'komwe madzi, anali atamva kale kuti mayeso amenewa aliza anthu a madigiri.

Mkazi wawo, make Chisamba, ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Za netiweki sankazitsata, ndipo sankanamizira kuzitsata. Chimene iye ankadziwa n'chakuti nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, ndipo chimodzi chinadyedwa ndi mayeso.

Zinayamba tsiku lina a Pangotsala atabwera pa galimoto yakuntchito, kumbuyo kutadzaza mabokosi achitsulo amene ofesi ina inataya. Anati amenewo ndi marauta ndi masiwichi, makina oyesererapo. Anamasula bedi la ana, n'kuliimika kuseri kwa nyumba, makina aja n'kuwasanjikiza m'chipindamo mpaka kufika pawindo.

"Ndi kanthawi kochepa, make Chisamba," anatero. "Ndikangokhoza, chipinda chibwerera kwa eni ake."

Nthawi imeneyo Chisamba, mtsikana amene anali mwana wawo woyamba, mano akutsogolo anali atangoguluka kumene. Alongo ake awiri anali aang'ono, womalizayo akadali kumsana. Kugona pabalaza ana anakutenga ngati masewera.

Makina aja ankalira osapuma, usana ndi usiku, ngati muli chigayo m'nyumba. Khoma la chipindacho linkafunda moti make Chisamba ankayanikapo matewera nthawi ya mvula, ndipo phindu lokhalo ndi limene analiona. Chitseko chinali chokiya nthawi zonse. Lamulo linali limodzi: wina asayerekeze kuzimitsa. Ankati makinawo akazimitsidwa mwadzidzidzi, zonse zimene munthu waikamo koma sanazisunge zimafufutika. Ndipo kusunga ankaiwala, monga mmene ankaiwalira kutseka mpopi.

Koma chimene chinkawadyera nthawi kwenikweni sichinali makina. Eni mayesowo sankaulula malikisi okhozera, ndiye azibambo olephera anapanga gulu pafoni, lokambirana nkhani imodzi yomweyo. Wina ati ndi eyite pa handiredi. Wina ati ayi, mnzake wa msuweni wake anakhoza ndi sevente. Wina ati zimasintha malinga ndi mafunso amene wakumana nawo. A Pangotsala ndi amene anali tcheyamani wa mkangano umenewu. Ankadya foni ili kumanja, kuseka okha, kukwiya okha, ngati anthu otsatira mpira wa timu imene sinawinepo. Make Chisamba ankangowayang'ana. Munthu wofuna kuwoloka mtsinje amaphunzira kusambira, koma awa anali pagombe kufunsana kuti madzi afika m'khosi kapena m'chiuno.

Mayesowo anali ndi magawo awiri. La m'mawa, munthu amawerenga nkhani ya kampani yongopeka ndi mavuto ake, n'kusankha mmene netiweki yake iyenera kumangidwira, ndiponso chifukwa chake. La masana ndilo lomanga ndi manja pa makina. Gawo la m'mawalo a Pangotsala ankalinyoza kwabasi. Ankati ndi zolongolola za mabwana ovala mataye, ndipo malikisi ake ndi ochepa. Masamu awo anali akuti akasesa malikisi a masana, adutsa mzere wokhozera, la m'mawalo ngakhale atangolota.

Anapita koyamba, anabwerako akuti kiyibodi yakumeneko inali yachilendo. Anapita kachiwiri, anati eni mayeso anakweza malikisi mwakabisira. Kachitatu anati m'chipinda cholemberamo munali kuzizira, zala zinauma. Ulendo uliwonse pankangotsala pang'ono.

Pamene bambo akuwerengera malikisi, mwana anali kukula. Mano aja anamera, msinkhu unakwera, mayunifolomu ake amayi ake anayamba kuwasoka mosiyako malo pachifuwa. Chisamba, amene kale ankathamanga wopanda malaya pabwalo, tsopano ankavalira kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, phazi limodzi litatchinga chitsekocho kuti alongo ake asakankhe. Zovala zake zam'kati ankazibisa m'chikwama chasukulu, pakati pa makope. Tsiku lina bambo wina wodzatenga yunifolomu ya mwana wake anasuzumira pabalaza kuti aodire, n'kumupeza mtsikanayo atangofunda thaulo, akufunafuna siketi pansi pa sofa. Chisamba sanalire. Anangoima chilili, kenako tsiku lonse sanadye. Make Chisamba anawauza amuna ake madzulo ake. Iwo anamva chisoni ndithu, n'kunena kuti n'chifukwa chake akulimbikira chonchi.

Lamulungu lina masana kunabwera a Ndevu, mnzawo wakuntchito. Ameneyu nayenso anagwapo mayeso omwewo, kenako anatuluka m'gulu la pafoni lija mwakachetechete, ndipo chaka chimenecho anakhoza. Anabwera kudzatenga kabudula wa mwana wake, ndiye anakhala pakhonde pomwepo, pambali pa makina osokera. Make Chisamba anawapatsa tiyi n'kubwerera pa ntchito yake, mapini ali kukamwa.

A Pangotsala sanachedwe. Anayamba kuwapanikiza a Ndevu kuti aulule, popeza anakhoza, malikisi okhozera ndi angati. A Ndevu anati sakudziwa, wokhoza amangouzidwa kuti wakhoza. A Pangotsala anati ndi kuumira kumeneko, n'kuyamba kulongosola masamu awo aja, chala chikulemba patebulo.

"Achimwene," a Ndevu anawadula, "vuto lanu mukuwerengera ngati mayeso a kupulayimale, kuti masamu akakwera aphimba Chingelezi. Kumeneku gawo lililonse lili ndi mzere wakewake. Ukagwa la m'mawa, ngakhale masana utole malikisi onse, wagwa basi. Zili patsamba loyambirira penipeni."

"Zimenezo amangolemba zoopsezera ana."

"Nanga zotsatira zanu zimati mwagwa pati?"

A Pangotsala anasuzumira m'kapu ngati mwagwera ntchentche. Kenako anadzutsa mutu, n'kutukumula chifuwa. "La masana ndimakhoza nthawi zonse. Maulendo onse atatu. Kafunseni aliyense."

Make Chisamba anaimitsa phazi pa makina. Anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi, n'kuwabaya pa nsalu.

"Alamu, ndifunseko ine wosapita patali ndi sukulune. Gawo la m'mawalo, limene bambo a Chisamba akugwali, pokonzekera pamafunika makina ali m'chipindamo?"

A Ndevu anaseka. "Ayi, mlamu. Limenelo ndi buku ndi mutu basi. Ine ndinkawerengera m'basi popita kuntchito."

"Ndiye makinawo ndi a gawo limene amakhoza kale?"

Apa mpamene a Ndevu anazindikira kuti aponda pamoto. Anamwa tiyi wotsalayo kamodzi, ngakhale anali wotentha, n'kunena kuti kabudulayo adzamutenga tsiku lina, kunyumba kuli alendo.

Atangotuluka pageti, make Chisamba anawauza amuna ake kuti pofika Loweruka chipinda chibwerere kwa mwana. Sanakweze mawu. A Pangotsala anayamba ulaliki. Anati manja amaiwala, munthu akasiya kugwira makina sabata imodzi ndiye kuti wabwerera kumbuyo chaka. Anati a Ndevu anangochita mwayi. Anati iye sangamvetse zinthu zimenezi, ndipo akadzakhoza adzasamukira m'nyumba yaikulu, mwana aliyense chipinda chakechake, chokhala ndi bafa m'kati momwemo.

"Mwana wanu akuvalira kuseri kwa chitseko," anatero make Chisamba. "Nyumba yaikuluyo adzalowamo ali ndi wake kumsana. Zimene mukufuna kusunga m'makinamo, sungani. Ndakuuziranitu."

A Pangotsala anaseka, n'kunena kuti sangayerekeze. Sabata yonse sanasunge kanthu. Anali otanganidwa, chifukwa m'gulu muja munabuka mphekesera yakuti malikisi okhozera atsitsidwa. Loweruka litafika anavala malaya abwino, n'kupita kukakumana ndi anzawo a m'gululo kuti nkhaniyo akaione bwinobwino maso ndi maso.

Kiyi wa chipindacho ankamubisa m'thumba lam'kati la jekete yawo yaukwati. Anaiwala kuti thumba limenelo linabookapo, ndipo amene analisoka ndi mkazi wawo.

Make Chisamba atatsekula, mpweya wotentha unamuwomba kumaso ngati watsekula uvuni. Tinyali tobiriwira tinali kuphethira paliponse. Pansi panali mawaya opiringizana, makapu atatu amene anawasowa chaka chatha atamera nkhungu, ndi fumbi loti munthu n'kudzalapo. Pakhoma pankaonekabe mizere ya pensulo imene ankayezera msinkhu wa Chisamba, womaliza uli m'munsi mwa chiuno cha amayi ake. Ndipo pansi pa makina amodzi opendekeka, kuti asagwedezeke, panali buku lalikulu lochindikala, likadali m'pulasitiki yake yakusitolo. Anamuitana Chisamba kuti awerenge pachikuto. Linali buku la gawo la m'mawa.

Make Chisamba anagwada, n'kugwira pulagi yaikulu pasoketi. Zaka zonsezi ankauzidwa kuti kuzimitsa makinawo kuli ngati kupha munthu. Anazula.

Phokoso lija linatsika pang'onopang'ono mpaka zii. M'nyumba munamveka wotchi yapakhoma, imene anali ataiwala kuti imalira. Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda kufunsa ngati magetsi azima, poti kwawo akuyaka.

Makinawo anali olemera ngati maliro. Ananyamula awiriawiri ndi mwana wake, kupuma panjira, mpaka onse anawasanjikiza pabalaza, pansi pa masatifiketi aja, n'kuwafunditsa nsalu yotsala ya mayunifolomu. Anakolopa, anatsuka makoma, anabweza bedi lija, ngakhale mwendo umodzi unali utadyedwa ndi dzimbiri moti anachita kuikapo njerwa. Make Chisamba anasoka katani pomwepo, n'kukhoma kaloko kakang'ono m'kati mwa chitseko. Anyamata awiri aja anati iwo pabalaza sachokapo, ndi pafupi ndi wailesi yakanema.

A Pangotsala anabwera dzuwa lisanalowe. Anaima pakhomo, khutu lili tcheru, ngati munthu wolowa nyumba ya eni. Anaona mulu uja pansi pa masatifiketi awo, n'kukweza nsaluyo ndi zala ziwiri.

"Mwazimitsa?"

"Ndazimitsa."

"Ndinali ndisanasunge. Ntchito ya miyezi yonseyi yapita."

"Ya gawo limene mumakhoza nthawi zonse lija? Mudzakhozanso."

A Pangotsala anakhala pa sofa mwaulesi ngati thumba lotsitsidwa pa njinga. Patebulo, pamalo pamene amaika foni akamadya, panali buku lija. Pulasitiki anali ataichotsa kale make Chisamba, kuti asavutike. Analiyang'ana nthawi yaitali osalikhudza.

"Ndikalephera ulendo uno," anatero, "mudziwe kuti ndi inu."

"Muzinena choncho, bambo a Chisamba. Kiyibodi ija ipumeko."

Mpaka lero mayesowo sanakhoze. Ukawafunsa amakanda kuseri kwa khutu n'kunena kuti panangotsala pang'ono, koma kunyumba kunachitika zosokoneza. M'gulu la pafoni akadali tcheyamani. Buku lija limayenda nawo m'chikwama, ndipo ngodya imene anapinda yasunthako masamba angapo, ngakhale palibe amene anawaonapo akuwerenga. Pamwamba pa makina aja make Chisamba amaikapo mayunifolomu osita, odikira eni ake.

Koma m'mawa uliwonse, iye akamakonza ulusi pakhonde, amamva kaloko kaja kakutsekuka. Chisamba amatuluka m'chipinda chake atavala kale, kolala ili chilili, n'kukoka chitseko kumbuyo kwake.