Chithunzi cha m'munda wa eni

Chaka chimene makuponi a feteleza anandiphonya, chimanga changa ku Njombwa chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo. Tsiku lina kunadutsa wojambula zithunzi wa pa njinga, ndipo ndinafuna kuti apongozi anga ku Mulanje aone kuti mwana wawo sakugona ndi njala. Ndinadumpha malire n'kukaima m'munda wa a Mbewe, oyandikana nawo nyumba, dzanja lili pa chimanga chonenepa, chifuwa chili patsogolo ngati mwini wake.

Chithunzi chimodzi ndinatumiza, china ndinapachika pakhoma. Ana anakula akuchiloza kuti, "Munda wa ababa uwu!" Nanenso ndinayamba kukumbukira thukuta limene sindinakhetse.

Patapita zaka, mvula inathamangitsira a Mbewe m'nyumba mwanga. Anaima pa chithunzicho nthawi yaitali. Chulu chawo chinkaonekera kumbuyo kwanga, mtengo wawo wa mango womwe. 

"Achimwene," anatero akupukusa mutu, "chaka chimenechi munatiposa tonse. Changa sichinafike apa."

Mtima utakhala pansi, ndinawalangiza kuti chinsinsi chake n'kupalira msanga.