Achibale a Chala Chachitali

Tsiku limene ndinadziwa kuti zinthu zalakwika ndinkachokera kumjigo, ndowa pamutu, wakhanda kumsana, ndipo ndinapeza bambo wachilendo atakhala pakhonde panga atagwira phazi la mwana wanga wamwamuna. Osati dzanja ayi, phazi. Analisanjika pabondo pake n'kumalitembenuza ngati munthu wosankha chinangwa pamsika, mwanayo ataima ndi mwendo umodzi, maso ali kwa ine. Ndowa ija sindikumbuka kuti ndinaitula bwanji, ndimangokumbuka madzi akunditsikira kumsana, wakhanda akulira.

"Mukumutani mwanayo?"

Woyankha sanali mlendoyo. Anali achimwene anga, akulu kwa ine, amene anakhala pampando cha pambali, foni m'manja, mano onse pamtunda.

"Chemwali, usakuwe ngati waona njoka. Gwada upereke moni. Awa ndi agogo athu ochokera ku Mozambique, magazi athu enieni. Taona chala!"

Ndiyambe ndafotokoza za chalacho, chifukwa ndi chimene chinatsala pang'ono kundilanda mwana.

Achimwene ankagwira ntchito yaulonda m'tauni. Ntchito itatha anabwerera kumudzi opanda kanthu, koma anabwera ndi matenda, matenda ofufuza mtundu. Akuti kumene ankalonda kuja abwana awo anapachika pakhoma chithunzi cha mtengo, nthambi iliyonse ili ndi dzina la kholo, ndiye iwonso anafuna mtengo wawo. Munda wawo udzu unafika m'chiuno, iwo ali kalikiliki kufuna mtengo wa pakhoma. Chilomwe chimene amachidziwa ndi moni yekha, akayankhidwa amangoseka n'kugwedeza mutu, koma anayamba kutinena ife kuti tataya chikhalidwe.

Amayi athu anamwalira kale, ndiye achimwene anayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa nkhalamba, kapaketi ka shuga m'thumba, kufunsa za agogo a amayi athu, mayi amene anayamba kufika kuno kuchokera kutsidya. Wina anati anabwera pothawa Apwitikizi. Wina anati ayi, anabwera kudzathyola tiyi. Gogo wina wa kuseri kwa tchalitchi anati, "Uja? Anachita kumupirikitsa kwawo, pakamwa panali polongolola." Zimenezo achimwene sanajambule, anati foni yatha moto. Kenaka nkhalamba ina yochenjera inati mayiyo anali mwana wa mwene, kutanthauza mfumu, ndipo tsiku limenelo shuga yense anatsala komweko. Nkhani itamveka, abale inu, mudzi wonse unakumbukira ufumu wathu. Anthu amene amaiwala pamene aika ndodo yawo anayamba kukumbukira mikanda imene mayiyo ankavala.

Mwa onsewo panali gogo wina wosamva bwino, amene ndikhulupirira ankaganiza kuti akufunsidwa zina, iye anati chimene akukumbuka n'chakuti mayiyo chala chake chachiwiri chakuphazi chinali chachitali kuposa chachikulu. Basi. Achimwene anapeza umboni. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuyang'ana anthu kumaso. Kumsika wa pa Boma maso pansi, mu minibasi maso pansi, kutchalitchi anthu akupemphera iwo akuyendera mapazi a mzere wakutsogolo. Mayi wina wogulitsa tomato anawaponyera wovunda poganiza kuti akumuyang'ana miyendo. Ndipo theka la Phalombe lili ndi chala chotero! Aliyense wopezeka nacho ankabwera naye kwa ine, chifukwa iwo alibe mkazi, wophika ndine. Nkhuku zanga zinatha ndi achibale a chala.

Mwinatu mukuganiza kuti achimwenewo chalacho ali nacho. Alibe. Zala zawo n'zofupika ngati mtedza. Nditawafunsa anati, "Kwa ine chinalowera mkati, chinapita kunzeru." Inenso ndilibe. M'banja mwathu monse amene ali nacho ndi mwana wanga wamwamuna yekha, wa sitandade wani, ndipo ine ndikudziwa kumene anachitenga, chifukwa phazi la bambo ake ndimaliona tsiku lililonse. Ndinawauza achimwene, ndinati chala ichi n'cha kuchimuna, taonani phazi la alamu anu. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mkamwini amapereka chala? Tambala wobwereka akachoka, anapiye amakhala a mwini nkhuku. Mwana uyu ndi mbumba yanga, chala chomwe."

Kwathu kuno zili choncho, mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa mwana amakhala ndi amalume ake. Ndiye onani, munthu amene sangathe kupalira mzere umodzi ndiye mwini ana anga.

Tibwerere kwa mlendo uja. Achimwene anamutola pamsika wa kumalire akugulitsa zingwe za mphira zomangira katundu panjinga. Anavala patapata, chala chili poyera, ndipo atangofunsidwa ngati akudziwa za mwana wa mwene amene anawolokera kuno kalekale, iye anati eya, amenewo ndi azakhali a bambo anga. Dzina achimwene ndi amene anayamba kulitchula, iye anangovomera. Msinkhu wake sunali wa ugogo, imvi zinali zowerengeka, koma tinauzidwa kuti tizimutcha agogo. Anagona m'nyumba ya achimwene, kudya kwa ine. Sankadya masamba a nandolo kapena chigwada, ankati m'banja lachifumu zimatupitsa m'mimba. Mazira sankamutupitsa.

Achibale ena aja ankadya n'kumapita. Uyu sanapite, ndipo maso ake sankachoka pa mwana wanga. Ine ndinkaona. Ankamuitana, kumupatsa kanzimbe, kumugwira mapewa, kumuuza kuti anyamule ndowa aone mphamvu. Tsiku lina ndikusenda chinangwa cha makaka kuseri kwa nyumba ndinamumva akufunsa, "Mbuzi umatha kuthamangitsa? Ng'ombe umaziopa?" Mpeni unandicheka chala osamva n'kuwawa komwe. Gogo wanji wofunsa mdzukulu za ng'ombe osamufunsa za sukulu? Ife a kufupi ndi malire timadziwa, ana amatengedwa ndi mawu okoma, amati akaone abale, ndipo akabwerako, amene abwerako, miyendo ili ming'alu yokhayokha, chilankhulo chasintha, sukulu yathera pomwepo.

Inafika nthawi yosesa kumanda, mudzi wonse ndi makasu ndi matsache. Mumtima ndinati lero ndiye lero, wabodza amaopa manda a eni ake, athawa yekha. Kuthawa? Analowa patsogolo ngati mwini maliro. Achimwene, amene chibadwire sanagwirepo tsache kumeneko, anali pambuyo ndi foni, akunena kuti, "Musawalozere, magazi awatsogolera okha." Bamboyo anazungulira, ananunkhiza mphepo, kenaka anadzigwetsa pamtumbira wina waukulu pansi pa mtengo, n'kuyamba kulira, "Azakhali ine! Mwagona kutali ine!" Kugubuduka, fumbi kobo, mamina mbwee. Amayi amene tinali kusesa tinayang'anana. Pamenepo panagona bambo wina wogulitsa matemba wa ku Chilwa, amene anadwala n'kufera m'mudzi mwathu ndili mtsikana, abale ake osapezeka. Mayi wina anadziluma chitenje kuti asaseke.

Ndinawakoka malaya achimwene. "Apo ndi pa bambo wa matemba uja. Agogo a amayi ali uko, pali mphika wosweka."

"Chete iwe, ukusokoneza mawu mufoni."

"Koma ndi mwamuna amene ali pansipo!"

"Pansi pa nthaka ukudziwako iwe? Anthu amayenderana."

Ndiye mtengo wa banja lathu umenewo, abale, nthambi ina ndi matemba.

Madzulo ake dzuwa likadalipo anatiitana pabwalo, ine ndi bambo a ana. Achimwene anakhosomola ngati wa pa wailesi. Anati agogo alankhula ndi mizimu, dzina la mwene kwawoko lakhala lopanda wolowa, ndipo chala chaloza mwana wanga. Apite nawo akalowe dzina, akaone dziko la makolo, adzabwera akakolola.

"Akakolola chiyani? Liti?"

"Ufumu sufunsidwa kalendala, chemwali."

"Nanga sukulu?"

Mlendoyo anaseka. "Mdzukulu wanga, mfumu imaphunzira poweta."

Poweta. Anatulutsa yekha pakamwa. Ndinati ndipite nawo ine, anati mwambowo akazi safika. Ndinati achimwene apite nawo, iwo anati adzatsatira akapeza chiphaso. Ndinafunsa dzina la mudziwo, mlendo anatchula lina, pamene tsiku lofika anatchula lina, ndipo achimwene anati midzi yachifumu imakhala ndi mayina ambiri. Ndinayang'ana bambo a ana. Anali kutokosa pansi ndi kamtengo, chala chawo chachitali chili poyera pamaso pa onse, palibe wochiona.

"Alamu, muli ndi mawu?" anafunsa achimwene.

"Ine ndine mkamwini. Mawu ali ndi eni mbumba."

Ndikanakhala ndi munsi pafupi, kaya. Ndinathamangira kwa amayi aang'ono, mng'ono wa malemu amayi, iwo anati mwana wa mlongo sakanizidwa kwa malume wake, komanso mwina ufumuwo ndi woona, tingadyeko. Shuga uja anafika ndi kumeneko.

Usiku tinalowa m'nyumba ine ndi bambo a ana. Iwo anakhala pamphasa akumanga lamba wa patapata ndi waya, kenaka osandiyang'ana anati, "Amayi anga akhala akudandaula kuti adzukulu sawaona. Njira ya kuphiri ndi youma masiku ano." Anangonena zomwezo. Ndinawamva.

Kutacha ndinapeza mlendo akuthira mafuta tcheni cha njinga, pakaliyala atamangapo kale kasaka kopindapinda, pokhalira mwana wanga. Ndinamwetulira, ndinagwada, ndinapereka moni wa ulemu wonse. Ndinati lero ndi tsiku la sikelo ya wakhandayu, ndiye ndimati mfumu yathu ipite nawo ikamwe mankhwala a njoka zam'mimba, ulendo ndi wautali.

Mlendo anakwinya nkhope. "Kwathu mankhwala aliko."

Koma achimwene anadumphira. "Ayi agogo, wanena zoona. Mwana wachifumu akafike ndi njoka? Angatiseke. Pita chemwali, ufulumire."

Uchitsiru wawo womwewo unanditsegulira njira.

Sindinatenge chikwama, akanadabwa. Zovala za ana ndinazikulunga m'chitenje chimene ndinaberekera wakhanda, malaya a sukulu ndinamuveka mwanayo mkati mwa juzi ngakhale kunkatentha. Tinayenda bwinobwino mpaka titakhota pa mjigo, ndiye ndinamugwira dzanja n'kulowa m'munda wa nandolo. Iye amvekere, "Amayi, kusikelo si uku." Ndinati khala chete, yenda. Belu la njinga likalira kumsewu ndinkagwada pansi, mwana ndamupanikiza pachifuwa, wakhanda ndamutseka ndi bere kuti asalire. Ndinkatembenuka mpaka khosi kuwawa. Titatulukira pamsewu waukulu ndinaimitsa wakabaza amene sindikumudziwa, dala, odziwika amalankhula, ndinayamba ndamuyang'ana kumapazi ine mwini, taonani mmene matenda aja amapatsirana. Tinadutsa pachipatala osaima. Tinakwera mpaka pamene njinga inakanika, kotsalako tinayenda pansi, phiri lili pamaso pathu, amayi a nkhuni akutsika, aliyense wondipatsa moni ndikumuyesa kazitape.

Apongozi anga ndinawapeza akuyanika makaka pamwala. Ndinafotokoza zonse mopanda mutu, mpweya ukuthawa, misozi ndi thukuta pamodzi. Mkazi wa kwathu sathawira kuchimuna ndi ana, n'zochititsa manyazi mbumba yonse, ndinkadziwa, ndipo ndinkayembekeza kuti andibweza. Iwo anangoti, "Mwananga, mwetsani anawo madzi." Anakhala pansi n'kutambasula miyendo, ndipo ndinaona mapazi awo, mapazi onse awiri, chala chachiwiri chatsogola ngati chikuloza njira.

Achimwene anafika patapita masiku, thukuta kamukamu, atavala patapata za eni. Anaima kumapeto kwa bwalo, poti pamudzi pa eni sungakuwe. Anati ndanyozetsa mtundu, agogo achoka okhumudwa, ndipo atenga nsapato zachikopa ndi jekete ya achimwenewo kuti akaonetse abale kwawoko mmene tikukhalira. Mpaka lero akudikira kuti zibwera. Apongozi anawapatsa mpando, anawapatsa thobwa, anatambasulanso miyendo patsogolo pawo penipeni. Achimwene anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi, anayang'anitsitsa, ine n'kuti tsopano amvetsa. Anatulutsa foni.

"Amayi, kodi kwanu kwenikweni n'kuti? Mwina ndife amodzi."

Sindinabwerere nawo. Ndinakhala kuphiri mpaka mvula yoyamba, mwana ndinakamulembetsa sukulu ya komweko, ndinkamuperekeza ndekha ndi kukamutenga ndekha, wakhanda kumsana. Anthu kwathu ananena zambiri, ndinawasiya anene. Pobwerera ndinadzera pa Boma, ndinagulitsa nkhuku imene apongozi anandipatsa, ndinagula nsapato zapulasitiki zotseka kutsogolo, ziwiri zazikulu ziwiri zazing'ono, chifukwa wakhandayonso nditamuyang'ana bwino chala chayamba kutsogola. Ndinamuuza mkuluyo kuti izi uzivula pogona ndi posamba basi, ndipo munthu aliyense akati taonetsa phazi, kaya ndi amalume ako, kaya wavala jekete, uzithawira kwa ine ukukuwa.