Ndowa ya Apongozi pa Chiweta

Mgodi wa ku Kayelekera utaima, amuna anga anabwerako ndi sipanala ya mapaipi komanso nkhani yosatha ya azungu ogona m'galimoto. Ankati galimotozo zinali ndi mpopi, beseni, ngakhale chimbudzi. Ine ndinkangoti ee, kwinaku ndikupeta mpunga wanga.

Nkhaniyo inasanduka ntchito chaka chimene apongozi anga aamuna anachita ng'ala. Adokotala anati apite ku Mzuzu akapalidwe maso, iwo anakana kwamtuwagalu. Shuga ankawatuma kukataya madzi pafupipafupi, ndiye anati bola khungu kusiyana ndi kumaimitsa basi yodzaza anthu pa mtengo uliwonse.

Amuna anga anazula mipando ya kaminibasi kathu konyamulira mpunga ku Wovwe. Pamwamba anamangirira diramu, paipi n'kutsikira pa zenera mpaka pa kampopi ndi beseni. Madzi osamba m'manja ankagwera m'chigubu. Chimbudzi chinali ndowa yovindikira thabwa loboola pakati, pansi mankhusu a mpunga ndi phulusa zopha fungo. Ndinawauza kuti ndowayo aimange ndi bawuti. Anandiyankha kuti munthu akakhalapo, bawuti ndi iyeyo.

Apongozi atamva za chimbudzicho anavomera ulendo. Vuto linali ine. Amuna anga amadziwa mapaipi, koma laisensi yoyendetsera galimoto ndi yanga. Ndine Mchewa wa ku Dedza wokwatiwa kwa Ankhonde, ndipo pabanja limeneli mkamwana saonana maso ndi bambo a mwamuna wake, kulankhulana ndiye ayi. Zaka khumi ndi zinayi ndinkathawira m'nthochi ndikangomva chifuwa chawo. Zinkandiwawa, chifukwa bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Tsono tinapachika zitenje ziwiri kumbuyo kwa mpando wanga, kalilole ndinamupotokolera pansi, ndipo mawu onse ankadzera kwa mwana wawo.

Tinayenda bwino mpaka pa Chiweta. Mpopi unkadontha, koma unkagwira ntchito. Mkhalapakati wathu anali atagona kukamwa kuli yasa. Ndinamva thabwa likulira kumbuyo, ndinadziwa kuti apongozi akhalapo. Nthawi yomweyo nyani anadumphira mumsewu pokhota, ine phazi pa buleki.

Ndowa inauyamba ulendo. Inakwekwereza ndi mwini wake yemwe, kudutsa chitenje choyamba, kugwetsa chachiwiri, n'kudzagunda mpando wanga. Ndinaganiza kuti basi, mkuluyu atsika pompano, ku Mzuzu sakafikanso. Maso ndinangowakhomera pa phula.

Kenaka pafupi ndi khutu langa panamveka mawu amene ndinkangowamvera kuseri kwa mpanda.

“Mama, polepole, pang'onopang'ono. Ine ndafika kale kutsogolo kuno.”

Ndinaluma mlomo, koma phwete linandipulumuka. Nawonso anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Amuna anga anadzidzimuka, n'kuwakokera bambo awo kumbuyo ndi ndowa yomwe, ndipo bawuti ija inapezeka m'thumba mwa amuna anga omwewo.

Tsiku lomasula mabandeji ndinakhala panja pa wodi monga mwa mwambo. Amuna anga anatuluka akukanda kumutu, n'kuti ndikuitanidwa. Ndinalowa chogwada, nkhope nditaphimba ndi nsalu. Apongozi anauza mwana wawo kuti akhale chete, alankhula okha.

“Chotsani nsaluyo, mama. Maso awa ndi atsopano, mwambo sanaudziwe.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndagha, zikomo ya kwawo. Ine ndinawaona pang'ono chabe, misozi inali itatseka maso anga.