Gonani, Adadi

Lusayo ndi munthu wosadziwana ndi mpando. Ntchito yake ndi yokonza zimagalimoto za ku mgodi, kumpoto kwa fumbi lofiira uko, komwe amapita pa ndege n'kubwerako pa ndege. Akakhala ku mgodi mtima umakhala ku Rockingham, tauni ya dziko lakunja lino m'mbali mwa nyanja yamchere, kuli banja lake. Akafika kunyumba, chikwama chisanatsegulidwe n'komwe, wayamba kale kumasula mpopi womwe sukudontha. Mkazi wake Tupochile adatopa nazo, amangoti adakwatiwa ndi nkhuku yofuna kuikira.

Chonyadira chake chachikulu chinali kusambira. Adakulira ku Karonga, ndipo ankati adadziwa kusambira asanadziwe kumanga kabudula. Kwa iye nyanja inali nyanja basi. Chichewa chathuchi ndicho chidamupusitsa, poti dzina ndi limodzi lomwelo, kaya madziwo ndi akumwa kaya ndi amchere.

Mwana wake Natalie, mtsikana wobadwira konkuno, amavala yunifolomu yofiira ndi yachikasu Loweruka lililonse, kuthandiza gulu lopulumutsa anthu kugombe. Iyeyu adayesa kuwauza bambo ake kuti nyanja ino ili ndi mitsinje m'kati mwake. Madzi amene mafunde amakankhira kumtunda amafuna pobwerera, ndiye amadzikumbira ngalande mumchenga n'kuthamangiramo kulowera kwakuya. Koma ankafotokoza m'Chingelezi chake cha m'mphuno, poti Chichewa amamva, kuyankha ayi. Zimenezi zinkamuwawa Lusayo kuposa mmene ankaonetsera. Ankaona kuti mwana akumutalikira chaka ndi chaka, ndiye m'malo momvetsera ankangoseka.

"Iwe, ine ndasambira mwera ukuwomba. Lero undiphunzitse madzi?"

Loweruka lina adzuwa, atazungulira nyumba yonse n'kusowa chokonza, anatsatira mwanayo kugombe la Secret Harbour. Pakati pa mbendera, pomwe anthu amauzidwa kuti azisambira, panali mafunde ndi chinamtindi cha anthu. Chapambali panali malo abata, madzi akuda bii, opanda thovu. Kwawo munthu wanzeru amasankha pabata. Lusayo anadabwa kuti anthu onsewa akusiyiranji malo abwino, anavula malaya, m'madzi chubwi!

Poyamba zinakoma. Atacheuka, anapeza maambulera a pamchenga atachepa. Anatembenuka n'kuyamba kupalasa molunjika kumtunda, monga ankachitira kwawo. Manja ankagwira ntchito, gombe n'kumapitabe. Anawonjezera mphamvu, poti nzeru ina pa moyo wake analibe. Madzi anamulowa m'kamwa. Ku Karonga ukatopa umamwako n'kupitiriza, koma awa anamuwotcha kukhosi mpaka misozi. Miyendo inalemera, ndipo mantha anamugwira, enieni, a munthu woona kuti afa mwana wake akuyang'ana.

Natalie anali atamuona. Ankabwera atagona pa thabwa lopulumutsira, akupalasa ndi manja, koma anali akadali patali.

"Float, Dad! Float!"

Lusayo anamva phokoso chabe. Chingelezi chake chonse, chomwe chidamupezera ntchito ndi nyumba, chinali chitathawa. Ankangomenya madzi, mutu ukumira n'kutuluka.

"Adadi! Gonani! Gonani!"

Mawu a Chichewa akuti kuyandama mwanayo sankawadziwa. Anangotola amene amayi ake amakalipira nawo bambo ake akabwera ku mgodi n'kuyamba kuyendayenda m'nyumba. Koma anali a Chichewa, otuluka pakamwa pa Natalie, ndipo analowa mpaka mumtima.

Lusayo, yemwe sadagonepo chifukwa choti wina wanena, anagona chagada n'kutambasula manja. Mchere womwe unamuwotcha uja ndiwo unamunyamula, poti madzi amchere amasenza munthu kuposa a kwawo. Mtsinje uja unamutengabe pang'ono, kenaka unatha mphamvu wokha n'kumusiya akuyandama, maso ali kumwamba, chifuwa chikukwera n'kutsika.

Natalie anafika, anamugwira m'khwapa n'kumukokera pathabwa. Nkhope yake inali yokwiya. Lusayo anatsokomola, analavula madzi, kenaka anadzutsa mutu.

"Tabwerezanso," anatero ndi mawu osasa.

"What?"

"Zija unanena zija. Ndimvenso."

Mtsikanayo anapukuta m'maso ndi nkhonya, n'kuwakankha mutu bambo ake kuti ubwerere pathabwa.

"Gonani basi, adadi. Musalankhule."

Lusayo anagona, ndipo mwana wake anamupalasira kumtunda.