Tsempho Pamtengo wa Mayina a Matenda

Kalata yondiitana ku Cuamba inandipeza nditakhalitsa pa kachipatala kena ku Ngauma, komwe ndinali namwino, mzamba komanso wogawa mankhwala, zonsezo munthu mmodzi. Sindinakondwe nayo. Miyendo inali itayamba kale kumatupa ndikaweruka, ndipo ulendowo unali wa njinga yamoto mpaka ku Mandimba, kenako chapa, minibasi yakwathu, yodzaza matumba a nandolo mpaka ku Cuamba. Koma akuluakulu akakuitana umangopita.

Tinasonkhana anamwino asanu ndi atatu m'chipinda china pafupi ndi njanji. Sitima ikamadutsa mawindo ankanjenjemera, tonse n'kukhala chete mpaka ithe. Wotitsogolera anali dotolo wamkazi, wamng'ono kwa ine, wobadwira ku Cuamba komweko m'banja la ogwira ntchito zanjanji. Anatiuza kuti pa intaneti pali masamba ambirimbiri a zaumoyo, koma wazaumoyo wa kumudzi akalemba pafoni dzina la nthenda monga walimvera kwa wodwala, sapeza chilichonse chanzeru. Iwo ankafuna kumanga mtengo wa mayina: nthenda iliyonse ikhale pa nthambi yake pamodzi ndi zizindikiro zake, mankhwala ake, ndi mayina ake a m'Chipwitikizi, Chinyanja, Chiyao ndi Chimakuwa. Munthu akalemba dzina limodzi, kompyuta izindikire chomwe akutanthauza n'kumutsegulira masamba oyenera.

Tsiku loyamba linathera pa liwu limodzi lokha, malungo. Adotolo analiika pa nthenda ya udzudzu. Ine ndinati kwathu munthu akaphwanya m'thupi atalima tsiku lonse amati malungo, mwana akatentha chifukwa cha mano amati malungo. Tinaligawa pawiri, kwina likhale nthenda, kwina chizindikiro. Chifuwa nacho chinativuta chimodzimodzi. Pofika tsiku lachitatu mutu unkandiwawa kuposa tsiku la sikelo ya ana.

Tsiku lachinayi ndinafunsa kuti, "Nanga tsempho tiliika pati, adotolo?"

Adotolo sankalidziwa. Ndinawafotokozera kuti mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, kwathu amati wasemphedwa, kutanthauza kuti bambo kapena mayi ake sanasunge mwambo wa kuchipinda. Mwana wotere sabwera naye kuchipatala. Amathamangira naye kwa asing'anga, ndipo kunyumba kumabuka mlandu.

Pakati pathu panali namwino wachikulire wa ku Mandimba, amene anabwerera kuno kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, monga ife. Iwowo anakana kwamtuwagalu.

"Achemwali, zimenezo si matenda. Tikalilemba pamenepo ndiye kuti tavomereza kuti lilipo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza amayi kuti ndi njala basi."

"Ine sindikuti lilipo, amayi," ndinatero. "Ndikuti ndilo liwu lomwe wazaumoyo wa kumudzi adzalimve pakhomo. Akalilemba osapeza kanthu, naye adzati si zakuchipatala."

Tinakangana mpaka nthawi ya chakudya inadutsa. Adotolo anangomvetsera, kenako anagamula kuti tsempho lisakhale nthenda pa lokha, koma lilembedwe ngati dzina limene anthu amatchula kutupa kwa mwana, ndipo kutupako kuloze ku kunyentchera, ku kuchepa kwa magazi ndi ku matenda a impso. Amayi aja sanandilankhule mpaka tsiku lonyamuka. Mu chapa tinakhala mothinana mpando umodzi, iwo n'kundigawirako chinangwa chophika, koma za tsempho sanazitchulenso.

Patapita miyezi ingapo anatitumizira mtengo wa mayina uja ngati chida cha pafoni. Kwathu netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa chipatala, ndiye ndinaitana azaumoyo a m'midzi n'kuwaphunzitsira pomwepo, dzuwa lili pamutu. Masamba ambiri ankatseguka m'Chipwitikizi, pang'onopang'ono, ena osatseguka n'komwe.

M'nyengo ya mvula, bambo wina wazaumoyo wa mudzi wa kufupi ndi malire anabwera panjinga atanyamula mayi ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Mwanayo anali atatupa mpaka maso kutsala pang'ono kutsekeka.

"Abale ake akuti ndi tsempho, amayi," anatero bamboyo. "Inenso ndimaganiza choncho. Koma nditalemba pafoni yandionetsa chithunzi cha mwana wofanana ndi uyu, akuti ndi kunyentchera, apite kuchipatala lero lomwe."

Ndinadina chala paphazi la mwanayo, dzenje linatsala. Ndinayamba kumupatsa mkaka wa ana onyentchera womwe ndinali nawo, ndikudikira galimoto yoti imutengere ku Mandimba. Mayiyo anakhala pamphasa. Tsiku lachiwiri anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti sindinalakwe ine?" Ndinamuuza kuti ayi, sanalakwe. Analira osatulutsa mawu, mwana ali pamiyendo.

Galimoto sinabwere chifukwa msewu unali utaduka. Tsiku lachinayi apongozi a mayiyo anatumiza uthenga kuti abwerere, mankhwala a asing'anga akonzedwa, komanso udzu wakula m'munda. Ndinamuchonderera, ndinamukalipira, ndinamupatsa mapaketi a chiponde oti akayambe kumudyetsa kutupa kukachepa. Anabereka mwana wake n'kunyamuka wapansi. Ndinamutuma bambo wazaumoyo uja kuti aziwayendera. Anapitako kawiri, ulendo wachitatu anapeza banjalo litawolokera ku Malawi kwa abale. Mpaka lero sindikudziwa ngati mwanayo anachira.

Chaka chotsatira adotolo aja anasamutsidwa, ndipo chida chija chinasiya kutseguka. Palibe anabwera kudzatiuza chifukwa chake. Azaumoyo ankandifunsa, ine n'kumati mwina mawa, mpaka anasiya kufunsa. Bambo uja yekha anapitiriza kubweretsa ana otupa, popanda foni, chifukwa anali atadziwa kale. Anabweretsa angapo chaka chimenecho, ndipo ambiri mwa iwo anabwerera kwawo akuyenda okha.

Ndinapuma pantchito chaka chatha. Ndimalima nandolo pang'ono kuseri kwa nyumba, ndipo masana ndimagona.