Ekisi pa Chule

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma chinthu chimodzi ndinachigwira bwino: ticha akalemba ekisi m'buku lako, ndiye kuti walakwa. Maekisi amenewo ndinalandira ambiri kuposa mwana aliyense m'kalasi, choncho musandiphunzitse tanthauzo lake.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito ya njanji kuno ku Kafue, ndipo chipanicho ndinkachikonda ndi mtima wonse. Pa chisankho cha pulezidenti munthu ankaima mmodzi yekha. Papepala pankakhala nkhwazi, kutanthauza inde, ndi chule, kutanthauza ayi. Ine ndikalowa m'kachipinda kovotera ndinkamuyang'ana chule uja ndi maso ake otong'oka, n'kumudinda ekisi wamkulu. Walakwa iwe! Ndinkatuluka chifuwa chili patsogolo.

Mkazi wanga anali ndi tebulo mumsika, ankagulitsa nsomba zouma za ku Chanyanya. Masiku amenewo tebulo sunkalisunga ndi nsomba zabwino, unkalisunga ndi khadi la chipani ndi pakamwa potseka. Iye lilime anali nalo lakuthwa, koma ankalisungira kunyumba. Sopo akasowa, mzere wa ufa ukafika kuseri kwa sitolo, mlandu unkagwera ine. "Mukauze boma lanu," ankatero pondiikira nshima, chitseko atatseka kaye.

Loweruka lina masana, chisankho chitangopita, ndinali kutaveni ndi anzanga. Ba cheyamani a msika analiponso. Mowa utandifika m'mutu ndinayamba kudzitama.

"Chule uja ndamupha kachiwiri tsopano. Ekisi pamphumi penipeni!"

Wina anaika chikho pansi.

"Mwati ekisi munaika pati?" anafunsa ba cheyamani.

"Pa chule. Nanga nkhwazi yalakwanji kuti ndiilembe ekisi?"

Palibe anaseka, palibenso analimba mtima kundiuza kuti ekisi wa voti amatanthauza chimene wasankha. Ndinazimva m'njira, kwa mnzanga amene anayamba wayang'ana uku ndi uku. Ine ku njanji sanandikhudze. Koma Lolemba m'mawa mkazi wanga anapeza tebulo lake lili ndi mwini wina. Ankati msika si wa banja la achule.

Anabwerera kunyumba dengu lili pamutu, nsomba zonse zilimo. Ine ndinali nditakonzekera kale kutukwanidwa. Anatula dengu, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka misozi.

"Atate ake ana, zaka zonsezi ine ndimavotera chule mobisa, kuopa inu. Kani m'nyumba muno tinalidi chipani chimodzi!"

Kuyambira pamenepo ankayala nsomba zake pathumba, pansi, pafupi ndi siteshoni. Dzuwa linkamuwotcha, fumbi la mabasi a ku Lusaka linkagwera pamalonda. Koma pakamwa panatseguka. Ndikamuletsa ankati, "Tebulo atenga kale. Atenganso chiyani, fumbili?" Azimayi amumsika ankabwera ngati akufuna kugula, chonsecho akudzamvera zimene iwo sakanatha kunena.

Boma lija linadzagwa. Ophunzira ali ndi zifukwa zawo zazitali, ine changa n'cha ku njanji. Woyendera njanji amagogoda zitsulo ndi nyundo kuti amve pomwe pamasuka. Ukaletsa kugogoda chifukwa phokoso likukusowetsa mtendere, udzadziwira pamene sitima yagona chammbali. Bomalo likanalola anthu kulankhula poyera, ine wolikonda wina akanandikonza msanga, ndipo mkazi wanga akanaliuza za sopo nthawi ikadalipo.

Tebulo sanalipezenso. Ufulu utabwera anati miyendo yazolowera pansi, koma ine ndinkamuona akasuzumira mumsika podutsa. Anamwalira ali wa pathumba, chifukwa cha ekisi wanga.

Lero patebulo lake lija mumsika pali mtsikana wa tchalitchi cha Pentekosite, amagulitsa tomato ndi anyezi. Ndimapitako pafupifupi tsiku lililonse kukagula anyezi mmodzi amene sindimufuna.

"Mwana wanga, boma ili ndi labwino, eti?"

"Ba shikulu, agogo inu, mwayambanso! Ufa mwauona mtengo? Magetsi mwawaona liti kwanu? M'dzina la Yesu, chisankho chibwere!"

Amakuwa msika wonse n'kumva, ndipo m'mawa mwake tebulo amalipeza lili lake. Ine ndimatsamira pamtengo wa denga, n'kumuputanso pang'ono kuti asaleke msanga. Mawu ake ndi opyapyala, safika pa a mkazi wanga. Komabe ndimamvera mpaka amalize.