Kathabwa ka a Mbewe

Chimene chimandibwerera poyamba ndi nsomba yaikazi ili gone pamatope, ikulavula tiana take. Makumba amasunga ana m'kamwa, ndipo ukonde ukawakokera kumtunda amayasamula, tiana n'kumwazika ngati mpunga wotayika, n'kumaphiriphitha mpaka dzuwa litatiumitsa. Chaka chimenecho gombe lonse la damu lathu, kufupi ndi Kasenengwa, linkanyezimira ndi tiana totere, ndipo ndikuuzeni msanga kuti dzanja langa linalimo.

Inali nthawi ya Chitaganya. Damulo analikumba a boma, nathiramo makumba, ndipo posakhalitsa amuna a m'midzi yozungulira anasanduka asodzi. Anyamata a njinga ankabwera m'mawa ndi madengu, n'kupalasa mpaka kumsika wa ku Fort Jameson nsomba zisanawole. Amalume anga a Lazaro anasiya ganyu ya m'mafamu a fodya, naluka ukonde ndi ulusi wosolola m'matayala akale. Analuka miyezi itatu, zala zili magazi, ndipo ukondewo ndiwo unali khasu lawo ndi munda wawo womwe.

Koma boma silipereka chinthu popanda chingwe. Linatumiza kapitawo wa nsomba, a Mbewe, munthu wamtali wosaseka, wokhala ndi kathabwa m'thumba la jekete. Lamulo lonse linali m'kathabwako. Ankakalowetsa m'diso la ukonde: kakadutsa, pita ukasodze, kakakana, ndiye kuti maso ndi ang'ono, agwira ana a nsomba, ndipo ukondewo unkathiridwa palafini pomwepo. Chifukwa chake sankafotokoza. Ankangoti ndi lamulo la bwana. Ndinaona ukonde wa bambo wina wa ana asanu ndi awiri ukupsa, utsi wakuda wonunkha mphira, mwiniwake atagwira chipewa m'manja ngati ali pamaliro. Amalume anabwera kunyumba tsiku limenelo nakhala pansi kuyeza maso a ukonde wawo ndi zala, kubwerezabwereza, ndipo tonse tinaona kuti sudzapulumuka.

Ine ndinali patchuti kuchokera kusekondale, mnyamata amene anali atakwapulidwa kale chifukwa choika chule m'kabati ya aphunzitsi a masamu. Mwayi unadza wokha. Bambo anga anali mphunzitsi wa kumishoni, choncho a Mbewe ankaona kuti khomo loyenera iwo kumwapo tiyi Lachiwiri lililonse ndi lathu. Ankakoleka jekete pamsomali wa pakhonde, n'kuyamba kukambirana ndi bambo za Baibulo. Ine ndinkasolola kathabwa, n'kuzemba kuseri kwa nkhokwe ndi lezala. Sindinali wopusa woti n'kupala kambiri tsiku limodzi. Ndinkapala pang'ono, kukhula ndi mchenga, kupaka dothi ndi mafuta a nyali ya bambo kuti kaoneke kakale, n'kubwezera. Masabata atatu, kathabwa kanaonda ngati kadwala, mwini wake osazindikira. Tsiku loyeza ukonde wa amalume, kanadutsa bwinobwino. A Mbewe anayesa diso lina, kenako lina, nakanda kumutu, nati, “Lazaro, uli ndi mwayi.” Ine ndinathawira kuthengo kukaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ngakhale lero ndikakumbukira nkhope ija ndimasekabe.

Chimene sindinaganize n'chakuti asodzi ali ndi maso. Anaona kuti kathabwa kafatsa, ndipo palibe anafunsa chifukwa. Aliyense anayamba kuluka maso ang'onoang'ono kuposa a mnzake. Mvula yoyamba itagwa, nthawi imene makumba amaswa, maukonde anasesa damu ngati tsache. Madengu ankachoka odzaza mpaka njinga kupindika. Zotsala tinkaziyanika pamphasa, pamadenga, pamiyala, mudzi wonse kununkha nsomba ndi utsi, ntchentche zili ng'waa, agalu okhuta osafunanso kuuwa. Ana tinkasewera ogulitsa nsomba ndi nsomba zenizeni. Amayi anga okha ndiwo ankang'ung'udza potumbula tinsomba tosakwana chala, amvekere ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, anthu inu mukudya mbewu.

Chilimwe chotsatira ukonde unkatuluka ndi ndere, nkhanu ndi mlamba umodzi wowonda. Anyamata a njinga anabwera kawiri katatu, kenako anasiya. Amalume ankalowabe m'madzi m'mawa uliwonse, n'kubwerako atanyowa mpaka m'khosi. Mvula isanagwenso anapinda ukonde uja, nauponya padenga la khola, nakwera lole yopita kumigodi. Anabwerako patapita zaka ali ndi chifuwa chimene chinawatenga. Ukondewo unaolera pomwepo padenga, nkhuku zikuikirapo mazira.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinalapa. Pepani. Lamulo la a Mbewe linali loona, ndipo damu linachitira umboni. Koma linali lamulo la munthu mmodzi, lokhala m'thumba limodzi, lobwera ndi palafini m'malo mwa mawu, ndipo lamulo lotere mwana wasukulu amalimaliza ndi lezala. Asodzi makumi angapo anaona kathabwa kakuonda, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, anzanga, damu ili ndi lathu. Akadakhala pansi iwo eni n'kupangana kukula kwa diso la ukonde ndi miyezi yoleka nsomba ziswe, ine ndikadapala chiyani? Ndinapala thabwa lokha; damu tinapala tonse.

Chimene chimandiletsa kuseka ndi chimodzi. A Mbewe sanadziwe mpaka anapuma ntchito. Lachiwiri lililonse ankafikabe pagombe lopanda nsombalo, n'kutulutsa kathabwa kanga, n'kuyeza mosamala maukonde awiri atatu otsala, ndipo onse ankadutsa.